Masupuni Awiri a Mafuta a Nkhuku

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito m'khitchini, tsiku lovuta kwambiri linali liti. Mumayembekeza kuti ndinena za nthawi imene gasi anasowa, pamene tinkaphikira alendo makumi atatu pa mbaula zinayi, kapena za tsiku limene ndinapsa dzanja lamanzereli. Iyayi. Popeza tsopano ndinapuma ndipo maso akadaona, ndilemba kuti mudzawerenge nokha, chifukwa pakamwa nkhaniyi imandichititsabe manyazi.

Chaka choyamba, ku Balaka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa resitihausi ina pafupi ndi njanji ku Balaka. Sukulu ndinali nditalekeza Sitandade 8 kwathu kwa Nsamala. Ndinkatunga madzi, kusenda mbatata za tchipisi ndi kutsuka mapoto. Ndinali wamanyazi moti makasitomala ena ankaganiza kuti sindilankhula, ndipo ankandiitana ndi manja. Mwini malowo anali mayi waphokoso koma wosasunga zinthu kukhosi. Ankati ndimamaliza sopo, ndipo ankanena zoona.

Tsiku lina masana kunadzadya bambo wina wamtali, wovala kofia yoyera. Atasamba m'manja kuseri, anaima n'kumandiyang'ana ndikukwecha poto ndi mchenga.

"Iwe mwanache, kunsi kwa poto amadyerako ndani?" anandifunsa, kunditchula mwana m'Chiyao.

"Palibe, bambo."

"Nanga ukukwechako chifukwa chiyani?"

"Kwada, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Amenewo anali Che Jafali, kwawo ku Ntaja, mkulu wa ophika pa loji ina ya alendo oona nyama m'mphepete mwa Shire, m'boma la Machinga. Patapita miyezi iwiri ananditumizira uthenga kudzera mwa kondakitala wa minibasi kuti ndipite ndi zovala zanga.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Ogasiti, ku Shire

Woyang'anira lojiyo anali mayi wachizungu amene tonse tinkangowatchula kuti adona. Sankakalipa. Akakwiya ankangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo aliyense ankadziwa kuti wina ulendo wakwana. Anandiuza kudzera mwa Che Jafali kuti andiyesa miyezi itatu. Ndikachita bwino andilemba ntchito yokhazikika, ndikalakwa ndibwerera. Anyamata awiri amene analipo ine ndisanabwere anali atabwezedwa. Kumudzi amayi anga anali atauza kale azimayi onse a kutchalitchi kuti mwana wawo Kosimasi ndi khukhi wa azungu, ndipo sindinkafuna kubwerera ndi kachikwama kanga.

Khitchini imeneyo inandizunguza mutu. Mipeni inalipo khumi ndi iwiri, uliwonse ndi ntchito yake. Filiji inali yaitali kuposa ine. Sabata yoyamba ndinkayenda chonyang'ama ngati ndalowa m'tchalitchi mochedwa. Koma chimene chinandidabwitsa kuposa zonse sichinachokere kwa azungu, chinachokera kwathu komwe. Lachitatu lina Che Jafali ananditumiza kwa Nsamala, mudzi wachitatu kuchokera kwathu, kwa mayi wina dzina lake Nachisale, kuti ndikatenge tchizi. Ndinafunsa kawiri, poganiza kuti sindinamve bwino. Tchizi kwa Nsamala?

Mayi Nachisale anali ndi mbuzi zoyera zisanu, zamawere aakulu, zimene anaphunzira kuweta kwa masisitere. Ine ndinakula ndi mbuzi. Ndinkadziwa kuti mbuzi ndi ya pamaliro, ya paukwati, ya Khirisimasi, ndi yolipira mlandu. Kuti mbuzi ingakamidwe ngati ng'ombe, sindinalotepo. Ndinakhala pa chitsa n'kumaonerera mayiwo akutenthetsa mkaka pang'onopang'ono, akuyesa ndi chala chaching'ono, kenako akufinyiramo mandimu. Mkakawo unasweka pamaso panga, zoyera kupita kwake, madzi achikasu kupita kwake. Anakhuthulira m'kansalu koyera, n'kumanga, n'kupachika pa mtanda wa denga kuti kadonthe. Tchizi cha dzulo lake anachimasula n'kundilawitsa pa nsonga ya mpeni. Chinali chofewa, chowawasa pang'ono, chonunkhira khola patali.

"Ndiye mbuzi ija ikadali moyo?" ndinafunsa, ngakhale ndinkaiona ikudya makoko a nandolo pomwepo.

"Ufuna ndiiphe kuti ukhulupirire?" anatero mayiwo. "Tenga, pita. Ndipo usachiike padzuwa."

Pa sabata tinkapeza mibulu iwiri yokha, uliwonse ngati nkhonya ya munthu wamkulu, ndipo chilimwe chikafika pachimake inkachepera. Che Jafali ankachisungira chakudya chimodzi basi: timatati totsegulira chakudya cha alendo osadya nyama. Tati ndi kambale kakang'ono kopangidwa ndi ufa wa tirigu, kamene munthu amadya pamodzi ndi zam'kati mwake. Kundiphunzitsa kunatenga mwezi wathunthu. Choyamba ankandiviika manja m'beseni la madzi oundana mpaka zala zichite dzanzi. "Batala amaopa dzanja lotentha," ankatero. "Ukamugwira ngati ukukanda mandasi, tati iuma ngati chikopa cha ng'oma." Ndinkafikisa batala wozizira mu ufa ndi nsonga za zala zokha mpaka ukhale ngati mchenga wa mumtsinje, kenako timadzi pang'ono, kenako mufiliji kuti upume. Ufa kupuma! Ndinalembera amayi kalata za zimenezi ndipo anayankha kuti ndisamanene mabodza.

Tikayala ufawo m'tizitini, tinkaikamo kapepala n'kudzazamo nyemba zouma kuti pansi pasatukuke, ndiye n'kulowetsa mu uvuni. Nyemba zimenezo zinali ndi chitini chawochawo, ndipo zinali zitalowa mu uvuni kambirimbiri popanda wozidya. Uvuni wathu unali wa nkhuni, wopanda nambala. Che Jafali ankalowetsamo dzanja n'kuwerenga m'Chiyao, akafika pa zisanu n'kulitulutsa, ndiye kuti moto wakwana. Anyezi tinkamudula mopyapyala n'kumuphika pa moto wochepa pafupifupi ola lathunthu, mpaka asanduke wofiirira ndi wotsekemera ngati wathiridwa uchi. Anyeziyo pansi, kachidutswa ka tchizi pamwamba, kagawo ka tomato pambali, tsabola wakuda pang'ono. Dzira ayi, chifukwa alendo ena osadya nyama sadyanso mazira. Tikatulutsa, tchizi chinkakhala chitachita mawanga agolide m'mbali, ndipo fungo lake linkaimitsa ngakhale olima maluwa panja.

Ndinkaona kukongola kwake, koma mumtima ndinali ndi chinthu chimene sindinauze munthu. Kwathu mlendo sadya masamba okha. Amayi anga, ngakhale m'chaka cha njala, mlendo akafika nkhuku inkafa. Nkhuku ikasowa, ankapita kwa anansi kukapempha kamsuzi ka nyama m'kapu n'kuthira m'masamba kuti mlendo amve fungo lokha, asapite akunena kuti pakhomo paja anamunyoza. Ndiye ndikaona mbale ikupita kwa mlendo wochokera kutali, wolipira ndalama zambiri, ili ndi anyezi ndi tomato basi, ndinkamva manyazi m'malo mwa loji yonse. Ndinkaganiza kuti anthu osadya nyamawo ndi odwala, adokotala anawaletsa nthuli, kapena mano anawathera.

Mwezi wa Okutobala, Lachisanu

Kunatsala masiku anayi kuti miyezi yanga itatu ithe. Kunkatentha moti mvuu sizinkatuluka m'madzi. Adona anatiuza kuti kubwera banja la amwenye khumi ndi awiri kuchokera ku Limbe, kudzakondwerera tsiku lobadwa la bambo awo okalamba, ndipo onse sadya nyama. Chakudya chinali cha 2 koloko masana. Alendo ena a pa loji tinawawotchera nkhuku.

Lachisanu lililonse Che Jafali ankapalasa njinga kupita ku mzikiti kukaswali. Tsikulo, atavula epuloni, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Timatati ndakusiyira iwe, mwanache. Tchizi ndi chomwechi, china kulibe mpaka Lachitatu. Usathamange."

Kanali koyamba kundisiyira. Ndinaviika manja m'madzi oundana mpaka kuwawa. Ufa unagwirana bwino. Tizitini khumi ndi tiwiri tinatuluka mu uvuni tosatukuka ngakhale kamodzi. Ndikuphika anyezi, maso anga anagwera pa thireyi imene tinawotcherapo nkhuku. Pansi pake panali mafuta achikasu, onyezimira, onunkhira. Ndinaganiza za mkulu wobadwa lero, wobwera ndi ana ndi zidzukulu, kudzapatsidwa anyezi. Ndinaganizanso kuti timatati tanga tikakoma kuposa masiku onse, adona adzafunsa kuti waphika ndani. Ndinatunga supuni imodzi n'kuthira mu anyezi. Ndinalawa. Ndinathiranso ina. Sindinabise, ana anga, chifukwa sindinkadziwa kuti pali chobisa. Ndinkaona ngati ndachita ulemu.

Nditangolowetsa timatati mu uvuni komaliza, pakhomo la khitchini panaima mkulu wina wamfupi, watsitsi loyera, atatsamira ndodo. Anali mwini tsikulo. Anandilankhula m'Chichewa chabwino kuposa cha ana a masiku ano.

"Odi kuno! Fungo ili landikoka kuchokera kumtsinje. Jafali ali kuti?"

"Apita kokaswali, bwana."

"Eya, lero Lachisanu. Iwe kwanu n'kuti?"

"Kwa Nsamala, bwana."

"Ndiye ndiwe mnansi wanga! Ine ndinabadwira ku Balaka, kuseri kwa sitolo ya bambo anga." Anakoka mpweya ndi mphuno n'kutsinzina. "Ukudziwa, mwana wanga, lero ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo chanyama sichinalowepo m'kamwa muno. Nthuli, msuzi, mafuta, ngakhale dontho. Amayi anga anandisiya choncho, ndipo ndikufuna ndikawapeze choncho. Jafali amandimvetsa. Iye ali ndi haramu yake, ine ndili ndi yanga."

Anaseka, n'kubwerera pang'onopang'ono kumene kunali ana ake.

Ndinakhala pa thumba la mbatata. Ndinali nditaona mmene Che Jafali ankachitira alendo akabweretsa nyama ya nkhumba: anali ndi poto wake wa zimenezo, mpeni wake, ndipo ankaitana wophika wina kuti agwire. Sindinaganizepo kuti munthu wina angakhale ndi lamulo lotero pa nkhuku. Nkhuku imene ife timapha posonyeza chikondi!

Matiyasi, woperekera zakudya, mnyamata wa ku Chiuta wokonda nthabwala, analowa kudzatenga mafoloko n'kundipeza choncho. Iye ankandiitana ndi dzina la kwathu.

"Nsamala, wamwalira ndani?"

Ndinamuuza. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Wakuona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye vuto lili pati? Nkhukuyo inafa kale, singakakunenere. Mdalayo adya, anyambita zala, adona akulemba ntchito. Ukayasamula, Lachiwiri uli pa minibasi. Tseka pakamwa, m'bale wanga, pakamwa pako n'potseka kale."

Nthawi itakwana ndinatulutsa timatati. Ana anga, pa zaka zonse zimene ndaphika, sindikudziwa ngati ndinatulutsaponso tokongola choncho. M'mbali mofiirira mofanana, tchizi chitatupa pang'ono, anyezi akunyezimira. Ndinatiyala pa waya kuti tizizire n'kuima pamenepo ndikutiyang'ana. Matiyasi ankanena zoona: palibe lilime likanazindikira. Ndinaganiza za amayi ndi azimayi a kutchalitchi. Ndinaganiza za resitihausi ya ku Balaka, kumene anali atalemba kale wina. Kenako ndinaona m'maganizo mkulu uja akutsegula pakamwa, akutafuna, akundithokoza, zaka makumi asanu ndi atatu zikutha ndi supuni yanga iye osadziwa.

Belu la njinga linalira panja. Che Jafali analowa akupukuta thukuta, n'kuwerama pa timatati. Nkhope yawo inawala.

"Mashallah! Mwanache, wandiposa."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira miyezi itatu. Ndinayang'ana pansi.

"Bambo, muli mafuta a nkhuku."

"Wati chiyani?"

"Mu anyezi. Masupuni awiri. Ndinathira ndine."

"Mafuta ophikira anatha?"

"Iyayi, alipo. Ndimafuna alendo asadye zosakoma."

Sanandimenye, sanakuwe. Anavula kofia, n'kuiyang'ana m'kati, n'kuivalanso. Anatsegula filiji ngakhale ankadziwa kuti tchizi mulibe. Nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri.

"Ukanakhala chete ndikanakutama mpaka mawa," anatero. "Tiye kwa adona. Ukanene wekha, ine Chizungu changa lero chathawa."

Adona, amene Chichewa ankachidziwa pang'ono, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati timatati timeneti banjalo linachita kuitanitsa sabata ziwiri zapitazo, ndipo mkuluyo amabwera chaka chilichonse chifukwa cha timeneti. Anati za ine tikambirana alendo akapita, koma ndiyambe kulongedza. Kenako ananyamuka kuti akapepese. Che Jafali anawaimitsa mwaulemu.

"Adona, wolakwa ali ndi miyendo. Apite yekha."

Kuchokera kukhitchini kufika pakhonde la alendo panali mayadi makumi atatu okha, koma ndinafika nditanyowa ngati ndawoloka Shire. Anthu khumi ndi awiri anasiya kucheza. Ndinagwada pafupi ndi mpando wa mkulu uja monga timachitira kwathu, ndipo mawu anatuluka ang'onoang'ono moti anachita kuwerama kuti amve. Mwana wawo wamkazi, mayi wa magalasi akuda, atamva anaimirira n'kuyamba kulankhula mokweza m'chilankhulo chawo, akuloza kukhitchini. Mkuluyo anakweza dzanja ndipo mayiyo anakhala pansi.

"Unathira mwangozi?" anandifunsa.

"Iyayi, bwana. Mwadala."

"Chifukwa?"

"Kwathu mlendo sadya masamba okha. Ndimati ndikulemekezeni."

Anayang'ana ndodo yawo. Sanamwetulire.

"Ndikudziwa," anatero. "Anzanga a ku Balaka akhala akundiphera nkhuku moyo wanga wonse, ine n'kumawakhumudwitsa. Koma iwo ankandionetsa nkhukuyo." Anapumira m'mwamba. "Wakuuza ndani kuti udzanene?"

"Palibe, bwana."

Anatembenukira kwa adona n'kulankhula nawo m'Chizungu. Ndinangomva mawu oti Lachisanu. Tsiku limenelo banjalo linatsegulira chakudya ndi buledi wowotcha, tomato ndi mapeyala, zimene Che Jafali anakonza m'mphindi khumi. Timatati tanga tinadyedwa ndi antchito kuseri. Matiyasi anadya titatu.

"Nsamala," anatero akunyambita chala, "tchimo lako ndi lokoma. Uzichimwa kawirikawiri."

Ine sindinalawe. Madzulo adona anandiitana. Anati mkuluyo wanena kuti abweranso Lachisanu lotsatira kudzadya timatati take, ndipo akufuna tiphikidwe ndi mnyamata yemweyo. "Ndiye sindingakuchotse Lachiwiri," anatero. "Ukhala mpaka Lachisanu. Kupitirira apo sindikulonjeza."

Lachisanu lotsatira

Sabata imeneyo Che Jafali sanandilankhule kupatula za ntchito. Anandipatsa poto watsopano, supuni yatsopano yamtengo ndi thabwa lodulirapo, n'kumanga kansalu kobiriwira pa chogwirira chilichonse. "Izi sizidzakhudza nyama mpaka zidzathe," anatero. Lachitatu ndinapita kwa Mayi Nachisale. Mbuzi zinali zitachepetsa mkaka chifukwa cha dzuwa, ndipo ndinabwera ndi mbulu umodzi wokha, nditaukulunga m'nsalu yonyowa n'kuufukata ngati khanda m'minibasi monse.

Ndinkayembekeza kuti Lachisanulo Che Jafali sapita ku mzikiti, akhala kuti andiyang'anire. Nthawi itakwana anavula epuloni, n'kukwera njinga, osatembenuka.

Ndinatsuka poto watsopanoyo kawiri ngakhale anali woyera. Ndinaviika manja m'madzi oundana. Tati imodzi inasweka m'mbali poichotsa m'chitini, ina inapsa pang'ono chifukwa nkhuni zinali za mtengo wina. Tinatuluka tisanu ndi kamodzi, tabwino koma tosafika pa tija ta sabata yatha. Ndinadziwa zimenezo ndisanalawe n'komwe.

Mkuluyo anabwera ndi mwana wawo wamkazi uja basi. Adona anati mbale ndikapereke ndekha, ndipo iwo anaima chapatali pafupi ndi chipilala, magalasi ali kumaso. Nditaika mbale patebulo, mayi uja anaikokera kwa iye, n'kuinunkhiza, n'kundiyang'ana m'maso.

"Muli chiyani umu? Tchula chilichonse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ndi ufa. Koma bambo ake anali atatambasula kale dzanja. Anatenga tati imodzi ndi zala, osadikira foloko, n'kuluma. Nyenyeswa zinagwera pa malaya awo oyera. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumtsinje. Anameza. Analumanso.

"Mchere wachepa," anatero. "Bweretsa tina tiwiri."

Ndikutembenuka, adona anandikodola ndi chala.

"Kosimasi, mawa m'mawa upite kwa telala ku Liwonde akakuyeze yunifolomu. Uwauze akupatse malaya awiri, oyera."

Ndinati zikomo katatu, mwina kanayi. Kenako ndinathamangira kukhitchini kukatenga mchere.